Ndinati Alibe Mwini

Chitakale, Mulanje

Okondedwa achemwali anga Alefa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Mzuzuko. Kuno tadzuka, kungoti mayi miyendo ikuwavutabe, makamaka chiperoni chikatsika m'phiri.

Munamva kale kuti ndinasiya kuzinga mbuzi pamsika. Bungwe lina linamanga khola la agalu opanda eni pafupi ndi boma, ndipo anandilemba ntchito poti ndimadziwa kugwira nyama. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti agalu odwala kwambiri, ndi ena amene asowa wowatenga, dokotala wathu Mayi Rosie amawabaya jakisoni woti agone osadzukanso. Wogwira ndimakhala ine.

Tsiku loyamba ndinawatsutsa. Ndinati mbuzi ndikaizinga anthu amadya, gwape amene bambo ankasaka m'munsi mwa phiri la Chambe ankakhala ndi mpata wothawa, nanga galu akufera chiyani? Mayi Rosie anati mbuzi zanga zinkafa zili zamoyo bwinobwino, zikulira ndi mantha, pamene agaluwa akuzunzika kale ndipo amapita osamva ululu. Ine sindinavomerezebe.

Achemwali, ndinakunamizani za Mwatani, galu wosakira wa malemu bambo. Sindinam'pereke kwa a Thomson ku Likhubula ayi. Chaka cha njala chija, ngakhale gaga atasowa, ndinapita naye kutali m'minda ya tiyi. Ndinam'mangirira pamtengo ndi luzi lofooka kuti adzadule yekha, n'kubwerera osacheuka.

Lachiwiri lapitali galimoto ya bungwe inabwera ndi agalu asanu. Wachitatu kutsika anali iyeyo. Ubweya unathothoka, diso limodzi linafa, mwendo wakumbuyo unali utaola, mphutsi zili nyakanyaka. Ine ndinam'zindikira ndi khutu lija linang'ambidwa ndi nguluwe. Iye anandizindikira ndi fungo. Anadzikoka mpaka pamapazi anga, mchira ukugunda pansi.

Mayi Rosie anaona. Anati, "A Bonface, galuyu akukudziwani. Ali ndi mwini? Ngati alipo tidule mwendowu, mwina angachire, koma pafunika wom'samala."

Ndinaganiza za ana anga anayi, ndinaganizanso za manyazi ofotokoza mmene anafikira pamenepo. Ndinati, "Alibe mwini. Agalu amangondikonda."

Ndinam'gwira monga ndimagwirira onse, dzanja lina pakhosi, lina pamwendo wakutsogolo. Sanalimbane nane. Ankandinyambita chala mpaka lilime linaleka. Mbuzi ndazinga zosawerengeka, achemwali, koma palibe ndi imodzi yomwe imene inabwera yokha kudzagona m'manja mwanga. Ndinam'kwirira ndekha kuseri kwa khola, anzanga atapita kukadya.

Mwina jakisoni uja anali wachifundo, sindikudziwa. Koma m'mawu anga aja munalibe chifundo.

Mayi athu amafunsabe ngati a Thomson akum'dyetsa bwino. Dzulo anandipatsa mafupa a nkhuku atakulunga m'pepala, akuti ndikam'patse ndikamapita ku Likhubula. Ndinalandira ndi manja awiri. Pamene ndikulemba pano ali m'thumba la jekete langa, ndipo ndikulephera kuwataya.

Ndithandizeni nzeru. Ndiwauze ndekha, kapena ndidikire mubwere pa Khirisimasi mudzakhale pambali panga? Inuyonso, ngati mungathe, mundikhululukire.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa Kondie, mumuuze alimbikire sukulu. Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Bonface