Galimoto Yofiira Imene Anaitsuka ku Kabulonga

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Ine Fabiano, mwana wanu woyamba, ndili moyo kuno ku Chelstone, ngakhale mawondo ayamba kundikana. Papita miyezi khumi chikuikireni m'manda, ndipo ndaona kuti n'koyenera ndikuuzeni za kuno mwadongosolo, kuyamba ndi zabwino monga munkafunira.

Mwana wa Esnati, mlongo wanga uja, wabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mvula inachedwa, koma kamunda ka ku Makeni katipatsa chimanga chokwanira ndi maungu ochepa. M'nyumba yanu ya ku Kabwata mwalowa anthu a lendi, ndipo adula mtengo wa mapeyala, ati unkadetsa bwalo. Sanafunse munthu.

Tsopano zoipa. Ine ndi mng'ono wanga Lazaro sitikulankhulana. Mwezi wamawa tikavundukula mwala wa pamanda anu, ndipo amalume alamula kuti ana anu aamuna awirife tikagwire nsalu yophimba mwalawo pamodzi, wina uku wina uku. Mpaka lero sindinawayankhe. Chifukwa chake ndi galimoto yofiira ija.

Mukuikumbukira. Pa timagalimoto tonse tampikisano timene ndapanga chichokere ku seminale, kumene wansembe wotiphunzitsa Chilatini anandipatsa bokosi loyamba la tizidutswa tolumikiza, iyi yokha ndiyo tinapanga awiri, ine ndi inu. Inali yamtundu wakale uja wothamanga pamsewu waufupi wowongoka: thupi lalitali lowonda, timatayala ta kutsogolo ngati ta njinga, a kumbuyo otakata opanda mizere, injini ili pamtunda yosaphimba. Yonse inkakwana pa mkono wanga, kuchokera pachigongono kufika pachikhatho. Mapaipi a utsi asanu ndi atatu ndinawadula ku mlongoti wa wailesi yakufa, nthambo za injini ndinazisolola m'kati mwa wailesi yomweyo. Nditamaliza kupaka utoto ndinabwera nayo ku Kabwata modzitama. Inu munaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Fabiano, yayera ngati sinayendepo. Ovololo ya bambo ako pochokera ku galaja sinkaoneka chonchi."

Munayatsa kandulo masana, n'kugwira mapaipi aja ndi kopanira, limodzi limodzi, pamwamba pa lawi mpaka milomo yake inada ndi mwaye. Munandituma kupala matayala a kumbuyo ndi sandipepa kuti aoneke operepeseka. Pansi pa injini munadonthetsa vanishi wosakaniza ndi phulusa, kunsonga ya singano. Ndiye panatsala parachuti, ambulera ija imene imatambasuka kumbuyo kuimitsa galimoto ikamaliza liwiro. Munadula ngodya ya duku lanu lasilika, munaisoka ndi manja masiku atatu, maso anu ali kale ofooka, ndipo zingwe zake munazipota ndi ulusi wopaka sera. Kenako munachotsa mbale za alendo pashelefu ya pamwamba m'kabati yagalasi, n'kuikapo galimoto.

Apo ndi pamene panayambira vuto. Pa tsiku logawa katundu wanu, akuluakulu ochokera kumudzi anati chilichonse chopezeka m'nyumba ya malemu ndi cha malemu. Kabati inagwera Lazaro, pamodzi ndi zonse za m'kati mwake. Ndinali pomwepo, pampando wa kutsogolo. Ndikanatha kunena mawu anayi okha, akuti galimoto iyo ndi yanga. Koma mukudziwa mmene anthu amamuonera mwana wolankhula pa mphasa yogawira katundu wa mayi ake. Ndipo ine, mphunzitsi wopuma ntchito waimvi, kukangana pamaso pa abale chifukwa cha chimene iwo amachitcha chidole, sindikanatha. Ndinangodziuza kuti Lazaro adzazindikira yekha.

Ndinadikira miyezi isanu ndi umodzi. Kenako ndinavala tayi n'kukwera minibasi kupita ku Kabulonga. Munkanena kuti ine ndikakwiya ndimavala tayi, ndipo simunaname.

Ndinaipeza pabalaza, pa tebulo lagalasi, pafupi ndi maluwa apulasitiki. Inali kung'anima. Mlamu, mkazi wa Lazaro, anali ataiviika m'madzi a sopo n'kuikwecha ndi mswachi. Mwaye wanu unachoka wonse. Mapaipi anawapukuta ndi mankhwala owalitsira zitsulo, matayala anawapaka polishi wa nsapato. Kumbuyo kunalibe kanthu. Nditafunsa za parachuti, Lazaro anayankha m'chinyanja chake cha m'tauni chija, chimene ndinalephera kumuwongola ali mwana: "Ba Fabiano, kanali kansanza chabe, tinataya. Manje onani mwamene yawamila. Muziseka ba tichala, ni toyi iyi, si Misa."

Sindinakweze mawu. Ndinamuuza kuti kansanzako munasoka ndinu, ndi duku limene munavala pa ukwati wake. Nkhope yake inagwa. Ndikanaima pamenepo. Koma ndinawonjeza kuti munthu amene ankabwera ku Kabwata pa Khirisimasi pokha, injini ya galimoto yake ili chilirire panja, sangadziwe zimene manja a mayi ake anagwira. Mawu amenewo anali oona, ndipo ndinawasankha kuti apweteke. Tiyi amene mlamu anandithirira ndinamusiya osamwa.

Sabata yatha Esnati anabwera ndi bokosi la nsapato. Lazaro wabweza galimoto, ataikulunga bwinobwino mu thaulo latsopano. Kalata munalibe. Esnati akuti Lazaro anapita yekha kukafukula padzala la kuseri kwa nyumba, ngakhale anadziwa kuti zinyalala za miyezi imeneyo zinatengedwa kalekale. Sindidziwa chochita nayo nkhani imeneyi. Ikundilanda mkwiyo umene ndinali nditaukonza bwino, ndipo sindikuthokoza.

Galimoto ili pano pa tebulo pamene ndikulemba. Kandulo ndili nayo, sandipepa ndili naye, ndipo ntchito yodetsanso mapaipi singanditengere ola limodzi. Palibe mlendo angaone kusiyana. Koma mwaye umenewo ungakhale wanga, ndipo ndingakhale ndikunamiza maso anga m'nyumba yanga yomwe. Ndaganiza zoisiya monga ilili, yoyera ndi yopanda choimitsira.

Amalume ndiwayankha mawa. Sindikulonjezani kuti ndakhululuka, chifukwa sindinakunamizenipo muli moyo ndipo sindiyamba lero. Chimene ndikulonjeza ndi ichi: ndidzapita kumanda, ndidzayamba ine kupereka moni kwa Lazaro popeza wamkulu ndine, ndipo ndidzagwira mbali yanga ya nsalu. Sindidzamuyang'ana kumaso kuti ndimuchititse manyazi.

Ndine mwana wanu wokukondani, wouma mutu monga munandisiyira,

Fabiano