Mawilo Anayi pa Mseu Wouma

Petauke, 9 Febuluwale 1958

Alamu a Febian,

Moni kumeneko ku migodi. Kuno mvula ikugwa, nshawa zamela bwino.

Sabata yatha mlongo wanga Consolata mimba itayamba kumuwawa kuti abeleke, ndinamutenga pa galimoto ya kunchito kupita naye kuchipatala. Pamatope a ku Kalindawalo ndinaika giya yokoka mawilo onse anayi. Titafika pamseu wouma ndinaiwala kuichotsa, ine dalaivala wodziwa bwino kuti mawilo anayi amamwa petulo kuposa awili! Galimoto inazima chipatala chikali patali. Tinamunyamula pa machila.

Mkazi wanuyo akupezako bwino, wayamba kudya. Koma tumalaya twa mwana munalonjeza tuja, musatumize. Zina tidzakamba mukabwela, ngati mudzafuna kundiyang'ana kumaso.

Ndine mlamu wanu,
Eustace