Zimene Ignasio Sanamasulire

Gulu: za adadi
Felesta, Bennett, Ignasio

LACHIWIRI

10:42 Bennett: ndie mwabwerako kwa dokotala? date ya operation ndi liti. network kuno ku mine ikuvuta, lembani msanga

10:44 Felesta: date palibe achimwene. Dr Whitlock wakana form ngakhale adadi asaina. afunseni alamu anuwa chifukwa chake

10:51 Bennett: alamu?

10:58 Ignasio: zinayenda bho alamu, kungoti panali ka misunderstanding

10:59 Felesta: ka misunderstanding. mxiii

11:03 Felesta: 🎤 mawu 1:06
Imvani achimwene. Ine ndinatsala panja pa benchi, poti mwana wamkazi salowa pomwe bambo ake akuvula, si lamulo lanu limenelo? Analowa ndi amuna angawa kuti azimasulira. Dokotala walankhula mphindi zitatu zathunthu, ndi chithunzi chomwe kujambula. Kuti prostate yakula kwambiri yatseka njira ya mkodzo, aipala mkati ndi laser osang'amba mimba, ubwino wake uwu, kuipa kwake uku. Amunawa kutembenukira kwa adadi, akuti, akuti muchira bambo. Basi! Mawu atatu! Dokotala uja ndi mzimayi koma si chitsiru. Anaika cholembera pansi n'kundiitana ine kundifunsa ngati Chichewa n'chachifupi chonchi. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

11:09 Ignasio: mukanakhala inu alamu. munthu akunena kuti after laser amuna atatu mwa anayi mbewu situlukanso, imabwerera m'chikhodzodzo, kubereka kumavuta. ine ndiwauze apongozi zimenezo maso ndi maso? ine amene ngakhale mbale imodzi sindidya nawo?

11:10 Felesta: manyazi anapha lambe

11:26 Bennett: alamu munachita bwino. munthu wa zaka 68 akufunanso kubereka chani

11:27 Felesta: mwati chani?

11:28 Felesta: akazi awo atsopano ku Lilongwe ali ndi zaka 34. a Tisungeni alibe mwana ngakhale mmodzi. mwaiwala kapena mukuiwalira dala

11:29 Felesta: mu sutikesi ya adadi muli timasokosi ta khanda. anagula okha kuno ku Armadale, atikulunga mu malaya oyera. ndinationa posita

11:47 Bennett: dokotalayo akufuna chani tsopano

11:49 Felesta: interpreter weniweni osati wachibale. adadi amve zonse, abwereze okha ndi pakamwa pawo, kenako asaine

11:52 Ignasio: vuto ndi loti wa Chichewa amene reception yapeza ndi mai Chisenga

11:53 Bennett: a Mvano aja?? ayi ayi ayi. pofika Sunday church yonse ikhala ikuwayang'ana adadi pa zipi

11:55 Felesta: apo pokha tikugwirizana. ndie muwauze inu. ndinu mwana wamwamuna, woyamba kubadwa, timamva daily

12:40 Felesta: achimwene?

14:15 Felesta: blue tick ndikuiona

LACHITATU

07:12 Bennett: nkhani yatha. supervisor wanga anapangidwa ndi Dr Corrigan, mwamuna, wachikulire, zaka 30 pa ntchito. 10 minutes wasaina watuluka, alibe zoyankhula zambiri. ndawapezera appointment Friday 11:30

07:40 Felesta: amapanga laser?

07:44 Bennett: nthawi zina. mostly njira yakale ija. works fine

07:46 Felesta: adadi amamwa mapilisi oti magazi asaundane. GP, dokotala wawo wa masiku onse, ananena kuti kwa iwo laser ndiyo yabwino chifukwa sataya magazi ambiri. Whitlock amapanga every week. wa nthawi zina wanuyo wapanga angati, munafunsa?

07:47 Felesta: komanso njira yakaleyo mbewu imabwerera chimodzimodzi. mukudziwa zimenezo

07:58 Bennett: iwe Felesta pakamwa. ukulankhula za bambo ako

07:59 Felesta: ndikulankhula za patient. ndimasintha ma catheter a azibambo a eni ake ku aged care kosamalira okalamba zaka 9, sindinafe nazo

08:20 Ignasio: mai a Samantha tamverani. masabata 7 bambo ali ndi paipi. sakupita ku church chifukwa cha thumba la mkodzo, sakhala pa sofa kuopa kudetsa. dzulo ndinawapeza ku garage atagwira khoma akubuula. tisachedwetse

08:22 Felesta: chisoni chakugwirani lero? dzulo munali ndi mpata wowathandiza munasankha ulemu. pitani kuntchito kwanu ku Welshpool mukawotcherere zitsulo, zimenezo ndie mumatha

08:31 Bennett: point ndi yoti achire. zinazo adzaziona okha patsogolo, adzati ndi ukalamba

08:33 Felesta: eee. adzati ndi ukalamba. kapena adzati vuto ndi la mkazi, amuyendetse kwa asing'anga mpaka ku Ntchisi mwana wa eni ake

08:36 Felesta: 🎤 mawu 0:41
Achimwene, geology yanuyo muzinamiza nayo miyala. Simunamusankhe Corrigan chifukwa ndi mwamuna, kapena chifukwa cha zaka makumi atatu. Mwamusankha chifukwa safunsa. Inu chikukuwawani ndi nyumba ya ku Area 25 ndi munda wa ku Mponela. Kuyambira tsiku la ukwati wa adadi mumangowerenga miyezi ya a Tisungeni ngati ndinu azamba. Ndiye mwapeza mpeni woti ukutsekereni khomo, inu manja oyera. Ndakuonani, ndipo mwandinyansa.

08:52 Bennett: uthengawu wafufutidwa

08:52 Bennett: uthengawu wafufutidwa

08:55 Bennett: mai athu anapita ku manda atavutikira nyumba imeneyo. anaumba okha njerwa. iwe unali mwana sukumbuka

08:57 Felesta: ndikukumbuka. nanenso sindifuna mng'ono wa zaka 40 pansi panga, ndinene zoona. koma thupi ndi lawo, si plot yanu

LACHINAYI

12:05 Bennett: ndalankhula nawo adadi pa foni. ndawauza kuti dokotala wamkazi uja ndi wovuta, tapeza mwamuna mnzawo. asangalala. alamu mawa muwatenge 10:30, mumasulire ngati muja

12:19 Ignasio: ok alamu. ndipempha half day

12:20 Bennett: Felesta wamva?

13:48 Bennett: Felesta

16:02 Ignasio: ali ku shift mwina

16:03 Bennett: online ndikumuona

LACHISANU

10:24 Ignasio: ndafika kunyumba bambo kulibe. galimoto ya mai a Samantha kulibenso

10:25 Bennett: what

10:25 Bennett: Felesta uli kuti

10:27 Bennett: 📞 sanayankhe

10:31 Bennett: 📞 sanayankhe

10:40 Bennett: usayerekeze. zimenezo mwana wamkazi sanena kwa bambo ake, ndi malaulo. ukawauza sadzakuyang'ananso kumaso moyo wonse

11:35 Ignasio: a reception kwa Corrigan aimba, akuti sitinafike

12:52 Felesta: 🎤 mawu 1:48
Mwatha kuimba? Chabwino. Ndawauza. Ndinavala uniform ya kuntchito, n'kuwakhazika kumbuyo kwa galimoto, ine kutsogolo, kuti tisaonane. Ndinaima pa car park ya station ya sitima ku Armadale, n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri. Ndinati, bambo, amene akulankhulayu si mwana wanu, ndi nesi. Ndanena zonse, ndi mawu ake enieni, amene amuna awiri a ndevu zawo anawathawa. Za laser, za magazi, za mbewu. Ndawauzanso zimene Whitlock anandiuza, kuti asanapange operation angathe kusungitsa mbewu kuchipatala ngati akufuna. Alamu anu nazonso anazimeza, kaya munazimva a Ignasio? Ine misozi ili chuchuchu, kuopa ngakhale kuyang'ana pa galasi. Sindidzaiwala, ndipo sindidzakukhululukirani awirinu kuti munandisiyira ine.

12:58 Ignasio: mai a Samantha pepani

12:59 Felesta: sungani

13:01 Bennett: ndie ati bwa

13:06 Felesta: akufuna Whitlock ndi laser yake. akuti dokotala wokana signature ya munthu wosamva ndi amene angamugonere pa tebulo. Monday tikubwerera, ndimasulira ine, Whitlock akakana aitane mai Chisenga, akuti alibe nazonso ntchito. koma ayambe alankhula ndi akazi awo. paipi apirira nayo

13:07 Felesta: chifikireni kunyumba sanandiyang'ane. tiyi ndawapatsa, akuti zikomo anesi. ndie apo munalosera bwino, sangalalani

13:09 Bennett: za ine unanena chani

13:15 Felesta: palibe. anafunsa okha funso limodzi tisananyamuke

13:15 Bennett: lotani

13:18 Felesta: akuti, Bennett amazidziwa zimenezi pamene amandiimbira dzulo?

13:18 Bennett: unati chani

13:19 Bennett: Felesta

13:21 Felesta: ndinamasulira zonse

13:24 Bennett: ndikuwaimbira sakuyankha

13:30 Bennett: alamu muli pafupi? awuzeni foni ikulira, mwina ili pa silent

13:37 Bennett: ka 5 tsopano. wina awapatse foni pls

13:39 Felesta: ili m'manja mwawo achimwene. akuiyang'ana