Mpando wa Bambo ndi Masipika a Alamu Anu

Lachinayi, 7 Novembala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, kungoti makoma a nyumba ndiwo akuona zakuda.

Mwandifunsa ngati alamu anga agule zimasipika zodula zija zoonerera kanema m'nyumba, monga anachitira alamu anu kuno. Funso lotere sindingaliyankhe pafoni, mawu angathere m'mphepo. Ndasankha pepala kuti mkwiyo wanga ukhale ndi umboni.

Choyamba dziwani kuti ine sindinafunsidwe. Ndinangofika kuchokera ku ntchito n'kupeza makatoni adzaza pabalaza, alamu anu atagwada pakati pa mawaya ngati munthu wolapa machimo. Mtengo wake sindilemba, pepala lingapse. Ine amene ndinaswera mutu ku yunivesite kuphunzira za chuma, m'nyumba mwanga momwe mwalowa chibokosi chakuda chonga filiji, chimene ntchito yake ndi kungoti "duuu" basi!

Ndinafunsa kuti, "Kodi bambo a m'nyumba, tivi yathu ija yasiya kuyankhula?"

Iwo amvekere, "Mayi, tivi ija imangoyankhula. Izi zimakulowetsa m'kati mwenimweni mwa filimu."

Ine ndinati, "Chabwino, mukalowa m'filimumo muzikadyanso komweko."

Koma nkhani yaikulu ndi ya Bambo, ndipo pafoni sindinkafuna kukudetsani nkhawa nayo. Chimwalirireni Amayi, ife n'kuwatenga kudzakhala kuno, makutu awo akhala akutsekeka pang'onopang'ono. Kachipangizo ka m'khutu munatumiza kaja anakavala kamodzi n'kunena kuti kakulira ngati nkhululu. Pano kali m'kachitini ka mabatani. Patebulo tikamaseka iwo ankangoyang'ana milomo yathu, n'kudzamwetulira nthabwala itazizira kale. Inunso mukudziwa mmene mafoni anu ankathera: "Eya, eya, zikomo," ngakhale muwauze kuti mwana wathyoka mwendo. Munachepetsa kuimba, ndipo sindikukudzudzulani.

Mapeto ake analongedza sutikesi yawo yabulauni ija n'kuiimika kuseri kwa chitseko. Amati mwezi ukangotha akubwerera kunyumba yakale. Okhaokha, achemwali, munthu wosamva ngakhale kugogoda kwa pakhomo! "Kuno ndasanduka kabati," anatero. "Bola kabatiyo mumaitsegulako." Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinalira, koma zonsezo iwo anangoona milomo ikugwedezeka.

Tsono makina a alamu anuwa ali ndi kachitidwe kake. Ukamaliza kulumikiza mawaya, umaika kamaikolofoni pamalo amene uzikhala poonera. Masipika amalira imodziimodzi, kamaikolofoniko kakumvetsera, kenako makina amadzikonza okha kuti mawu onse azikumana pamalo amenewo. Alamu anu anasankha pakati penipeni pa sofa, mpando wachifumu. Anaika kamaikolofoniko bwinobwino n'kudina rimoti. Koma ntchitoyi imafuna bata, ndipo ine kukhitchini ndinali kutsuka mapoto mwachidwi chapadera, poto aliyense akunena maganizo anga. Ndiye anathamangira kukhitchini kudzandigwira manja.

"Mayi, chonde, mungokhala chete pang'ono pokha."

"Pepani, mapoto anga sanagulidwe modula, sadziwa ulemu."

Tili mkati mokangana monong'ona, pabalaza Bambo anaona kanthu kakuda kali pasofa. Anayesa ndi kachipangizo kena ka m'khutu kamene inu mwatumizanso. Anakatola, n'kukakhala nako pampando wawo wa pafupi ndi zenera uja, atakagwirira pakhutu kuti amve ngati nakonso kalire ngati nkhululu. Katalephera kuwathandiza, anakabwezera pasofa mwaulemu. Makina anali atamaliza kale ntchito yawo. Alamu anu anabwerera n'kupeza zonse zili m'malo, akumwetulira ngati wakhoza mayeso.

Loweruka masana tinatseka makatani kuti tione filimu yoyamba. Alamu anu anakhala pampando wachifumu, manja atatambasula. Posakhalitsa nkhope inayamba kukwinyika. Helikopita imene amati idzadutsa pamutu pawo inkadutsira chakuzenera. Mfuti zonse zinkalirira mbali imodzi. Ine mumtima ndinali kuvina.

Mwadzidzidzi tinangomva mawu kuchokera kuzenera. "Mkazi ameneyo akunama. Galimotoyo waiona."

Tonse tinatembenuka. Ndinati, "Bambo, mwamva zimene wanenazo?"

Sanandimve ineyo, maso anali pakanema. Ndinapita kukaima patsogolo pawo n'kubwereza.

"Nanga ndisamve bwanji munthu akuyankhulira pamphuno panga? Tachoka apo, ukunditchinga."

Achemwali, ndinachokadi patsogolo pawo. Alamu anu ndiwo anandifotokozera pambuyo pake. Akuti m'tivi wamba mawu a anthu, nyimbo ndi phokoso zimatulukira pamodzi ngati pamsika. M'makinawa mawu a anthu ali ndi sipika yakeyake ya pakati, ndipo poti makina anayesa kuti mwini nyumba amakhala kuzenera kuja, anaikweza sipikayo kuti mawu azifika kumeneko. Musaganize kuti makutu achira ayi, patebulo timabwerezabe mawu. Koma pampando umenewo Bambo amamva.

Bambo ataulula zoti anatolako kanthu pasofa, alamu anu anagwira m'mutu. Anatulutsanso kamaikolofoni kaja kuti ayambirenso. Anaima pakati pabalaza, kuyang'ana sofa, kuyang'ana apongozi awo amene anali kalikiliki kulangiza wapolisi wa m'filimu. Kenako anakabwezera m'katoni, n'kuwonjezeranso mawu a sipika ya pakati ija. Pano munthu wamkulu ndi ndevu zake amaonera filimu atakhala pakampando ka kukhitchini pambali pa Bambo, maondo ali kuchibwano, sofa ili yokhayokha. Ndimawaseka tsiku lililonse, koma tiyi wawo ndayamba kuthiramo mkaka wambiri.

Mawa lake la Loweruka lija ndinafukula kanema wa ukwati wanu uja. Mukukumbukira pamene tinkajambulitsa pakhomo? Mawu a Amayi anatuluka m'sipika ngati ali m'nyumba momwemo: "Abambo inu, taimani bwino! Tayi yapotoka ngati mchira wa galu!"

Bambo anatchera khutu. Kenako anati, "Tabwezani pamenepo."

Alamu anu anabweza. Amayi anakalipanso.

"Mayi ameneyu," anatero Bambo, "mpaka lero akundikalipirabe." Anaseka mpaka kutulutsa mpango m'thumba. Ine ndinathamangira kukhitchini kukaona poto amene sanali pamoto n'komwe.

Nditabwerera ndinapeza akudandaula kuti sipikayo ili pansi kwambiri, Amayi akuyankhulira m'maondo. Alamu anu anavomereza msanga kuti imafunika kulingana ndi makutu, ndipo kusitolo kuja kuli katebulo kake kapadera. Ndinangotsokomola kamodzi, nkhani ya sitolo inathera pomwepo. Bambo anadzuka n'kulowa kuchipinda. Tinamva madirowa akutsegulidwa. Patapita kanthawi anatulukira atanyamula sutikesi yabulauni ija ndi dzanja limodzi, yopepuka, yopanda kanthu. Anaigoneka pashelefu, n'kukweza sipika pamwamba pake.

"Apa ndiye pabwino," anatero. "Wina asaisunthe."

Mwezi uja unatha, ndipo palibe amene wautchulapo.

Tsono yankho la funso lanu ndi ili. Ngati alamu anga akufuna kuti helikopita izidutsa kumbuyo kwa khosi lawo, auzeni akaime pafupi ndi bwalo la ndege, n'kwaulere. Chibokosi cha "duuu" chija ntchito imene ndaiona ndi kugwedeza makapu m'kabati ndi kutidanitsa ndi aneba. Makina a mtengo wapakati, bola akhale ndi sipika ya mawu a anthu, angakwanire, ndipo ndikanafunsidwa ndikanatero. Koma mukandifunsa ngati athuwa ndingawabweze kusitolo, ndiluma munthu. Zimenezi musawauze alamu anu, angazolowere, mawa angabwere ndi ndege yeniyeniyo.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu likubwerali masana muimbe foni yoonana nkhope. Alamu anu apeza njira yolumikizira foni kumasipika, ndipo tayesa kale ine ndili panja, Bambo n'kundiuza kuti ndimayankhula mothamanga ngati wothawa mvula. Mukonzekere nkhani zazitali, chifukwa za "eya, eya" zija zatha. Ali ndi mafunso ambiri, ena okhudza mwendo wa mwana uja, poti nkhani yake aimva kumene. Andiuza kale kuti ndisite malaya awo oyera, ndipo tayi akuti amanga okha, mowongoka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Alamu anu akupereka moni ali pakampando kawo. Bambo nawonso akuti ndikupatseni moni wambiri, komanso akuti mukadzaimba mudzayankhule bwinobwino, musadzakuwe, iwo si ogontha.

Ndine mng'ono wanu,
Wapakamwa uja