Msewu udutsa pomwe pagona mwana wanu

Achemwali,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi nkhani yowawa muli kutali chonchi. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Nsanama tilipo, koma mayi miyendo ikuwavutabe.

Lachiwiri kunabwera bambo woyeza mtengo wa katundu amene awonongeke ndi msewu watsopano. Anationetsa chiphaso chake cha ntchito, kenaka anayeza nyumba, khola ndi mitengo ya mango. Titafika pa mpoza paja, pomwe ine ndi mayi tinaika mwana wanu wamtayo, ndinamuuza kuti pamenepo pagona munthu.

Anayang'ana pansi nati, “Mayi, palibe mtumbira, palibe mtanda. Malamulo athu salola kulemba chimene sindikuchiona. Akhoza kundilanda chiphaso.”

Ndinati, “Iyayi bambo, mtayo sitiuikira chizindikiro, ndi mwambo wathu.”

Anapepesa, koma sanalembe, ndipo manda olembedwa okha ndi amene adzasamutsidwe. Mathirakitala afika kale kwa aneba.

Mulungu akulimbitseni mtima. Chonde mundiyankhe lisanafike Lachisanu likudzali: kodi azimayi tikamufukule tokha, kapena timusiye pomwepo? Ine sindingakhudze dothi limenelo popanda mawu anu.

Ndine mkulu wanu,
Esitere