Sitolo Nambala 17

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kodi bondo lija linasiya kuvuta, kapena mukulikakamizabe kuthamangitsa mpira ngati mukadali mnyamata? Kuno tonse tili bwino. Amayi shuga wawo watsika, ndipo bambo akudzukabe m'mamawa, kumeta ndevu, kuvala jekete yawo yabuluu ija n'kumapita kusitolo.

Uthenga wanu wondiyamikira pa nkhani ya m'nyuzipepala ija ndinaulandira. Ndikudziwa kuti munadabwa kuona ine, wolongolola wa m'banja mwathu, ndikungoyankha kuti "zikomo" basi. Manyazi ndi amene ananditseka pakamwa, ndipo n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba ndi dzanja zimene ndalephera kunena pafoni.

Ndiyambe ndi pempho. Pepala lobwereketsa sitolo ya bambo kwa munthu wa mafoni uja lili m'manja mwanu, popeza nyumbayo ili m'dzina lanu, ndipo munati musaina mwezi uno usanathe. Chonde musasaine musanawerenge kalatayi mpaka kumapeto.

Mukuikumbukira benchi yaitali ija, ya kumanzere mukamalowa m'sitolo? Pankakhala mapulambala, akalipentala, okonza magetsi ndi omanga nyumba, kukangana za mpira kuyambira m'mawa, bambo akuwawiritsira tiyi m'ketulo yakuda ija. Zaka ziwiri zapitazo, nditangoyamba kuphunzitsa kusukulu ya zamalonda kuno, ndinapita ndi tepi kukayeza pansi. Ndinapeza kuti gawo lalikulu la sitolo ladyedwa ndi anthu amene sagula kanthu, ndipo mtima unandiwawa ngati andibera.

Mukukumbukiranso kuti ndinajambula pulani papepala n'kuitanitsa msonkhano wa banja, inu muli pafoni. Munati timumvere mwanayu, anapita kusukulu. Bambo anangofunsa funso limodzi, kuti nanga anthuwa azikhala pati. Ine ndinayankha kuti sitolo si depoti ya basi. Mawu amenewo akundilumabe mpaka lero.

Benchi inatuluka, mashelefu analowa. Tinasanja penti, maloko, mapaipi ndi mawaya mwadongosolo, sitolo inawala. Ndinajambula zithunzi n'kumaonetsa ophunzira anga m'kalasi, ndikuyerekedwa kuti umu ndi momwe sitolo yaing'ono iyenera kuonekera.

Kenako ogula anayamba kuchepa. Nthawi iliyonse mukandifunsa, ndinali ndi yankho lokonzeka, kuti masitolo akuluakulu a kumsewu atenga anthu, kuti nthawi yasintha, kuti bambo akalamba. Inu munandikhulupirira, ndipo tinagwirizana kuti apume, sitolo ibwerekedwe. Bambo sanatsutse, anangoti ngati ana mwaona choncho, zili bwino.

Tsopano imvani zimene nyuzipepala sinalembe.

Chaka chino ndinapatsa ophunzira atatu a chaka chomaliza ntchito yofufuza masitolo ang'onoang'ono a zipangizo zomangira, kuti aone chifukwa chake ena akulimba pomwe ena akufa. Anayendera masitolo makumi anayi. Ndinawalamula kuti asalembe maina, sitolo iliyonse aipatse nambala. Wotsogolera gululo ndi mtsikana wina wowonda, wa maso akuthwa, amene anzake amamutcha Loya chifukwa safuna kugonja pa mkangano.

Atandibweretsera zolemba zoyamba, panali ndime yaifupi yonena za sitolo nambala 17. Inangoti sitoloyo inali yotchuka, koma inataya ogula itasintha kaikidwe ka katundu potsatira malangizo a katswiri wina. Ine, ndi cholembera changa chofiira, ndinalemba m'mbali kuti katswiri ameneyu analangiza asanafunse, ndipo akatswiri otere ndi amene amapha malonda a anthu. Ndinadula ngakhale mzere kunsi, ndi kuwauza kuti akafufuze zambiri.

Anakafufuzadi. Zolemba zachiwiri ndinaziwerengera muofesi masana, tiyi ali pambali. Nditafika pa mawu akuti "benchi yaitali ya kumanzere", tiyiyo anazizira pomwepo osamwedwa.

Zimene anawa anapeza ndi zapafupi moti mwana angazimve. Munthu mpopi ukamadontha kunyumba kwake, sanyamuka kukafuna mpopi, amanyamuka kukafuna munthu woti amukonzere. Akamupeza pulambala pabenchi, pulambalayo amangodzuka, kutembenukira kukauntala n'kutchula zofunika, mwini nyumba n'kugula pomwepo. Anthu amene ine ndinkati sagula kanthu ndi amene ankabweretsa ogula. Titawachotsa, anasamukira pakhonde la sitolo ya kutsidya kwa msewu, ndipo ogula anawatsatira komweko.

Sizinali za sitolo yathu yokha. Mwa masitolo onse amene anayendera, ambiri olimba anali ndi poti amisiri akhalepo, kaya benchi, kaya zitini za penti zopanda kanthu, kaya thabwa pamwamba pa njerwa. Mabuku amene ndimaphunzitsa sanena chilichonse za zimenezi.

Achimwene, apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku ndi koipa kuposa koyamba. M'malo mothamangira kwa bambo, ndinaitana anawo n'kuwauza kuti achotse sitolo nambala 17, ati chitsanzo chimodzi sichitsimikizira kanthu. Ndinalankhula ndi mawu auphunzitsi, nkhope ili gwa.

Anyamata awiri a m'gululo anavomera msanga. Koma Loya anatsegula chikwama, natulutsa zolemba zoyamba zija n'kuziika patebulo mwaulemu. Anati, "Madamu, si inu munalemba apa kuti tifufuze zambiri? Ndiye tafufuzatu. Tichotse chifukwa tapeza?" Ndinayang'ana inki yanga yofiira ija. Ndinangoti zisiyeni momwemo.

Kafukufuku ameneyu ndi amene anapambana mpikisano wa masukulu a zamalonda uja. Chithunzi mwachiona nokha, ana atatu atanyamula chikho, ine ndili pakati mano onse pamtunda. Mtolankhani anandilemba kuti ndine katswiri womvetsa malonda a anthu wamba. A wailesi anandiitana, mkulu wa sukulu anandigwira chanza pamaso pa aphunzitsi anzanga. Aliyense wondiyamikira ankangowonjezera katundu pamutu panga.

Tsiku lina nditatsala ndi Loya, ndinamufunsa mozungulira ngati mwini sitolo nambala 17 anawauza dzina la katswiri uja. Anati anakanitsitsa. Akuti mkuluyo ananena kuti ndi munthu wophunzira kwambiri, womukonda, amene ankangofuna kumuthandiza, ndipo akayerekeza kumufufuza abweza mawu onse amene wawauza. Kenako Loya anatsitsa mawu, nati chithunzi changa nditavala gauni ya tsiku lomaliza maphunziro, chomwe chili pamwamba pa kauntala, anachiona tsiku loyamba lomwe.

Ndinalira, achimwene. Ndinalira pamaso pa mwana wasukulu, iye n'kumandipatsa tishu.

Loweruka lake ndinapita kusitolo. Ndinawapeza bambo ali okha, akusankha mabawuti m'zitini, aang'ono uku, aakulu uku, ntchito imene munthu amagwira akasowa womugulitsa. Nyuzipepala ija anaidula bwinobwino n'kuimata pakhoma. Ndinawauza zonse, ngakhale zofuna kuchotsa nambala 17 zija, ndipo ndinapepesa.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo anadziwa mwezi woyamba womwe kuti benchi yapita ndi anthu. Nditawafunsa chifukwa chake sananene, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa kuti, "Ukanamva iwe?" Anawonjezera kuti sanafune kundichititsa manyazi pamaso pa inu, popeza ndinali nditangoyamba kumene ntchito ndipo ndinkayenda ngati pansi pali masipuling'i. Zobwereketsa sitolo anavomera chifukwa ankaganiza kuti ana atopa nayo, osati kuti iwo atopa.

Ananenanso, mwina pofuna kundipepuza, kuti mashelefu anga si oipa onse. Akuti masiku ano munthu akafuna loko, samusiya ataima kwa theka la ola iwo akufufuza m'makatoni.

Benchi tinaipeza kuseri kwa nyumba, amayi akuyanikapo mapoto. Poyamba anakana nayo. Anati anthu ophunzira anaitaya, iwo osaphunzira anaitola, ndiye tikaifuna tibwere ndi kalata yochokera kusukulu. Atandizunza mokwanira anachotsa mapoto awo, ndipo anaipukuta okha ndi nsanza yonyowa.

Tinachotsa mashelefu awiri n'kuibwezera pamalo pake. Masiku anayi oyamba panakhala mphaka yekha. Ine ndinkaimba foni masana aliwonse kufunsa, bambo n'kumati ndidekhe, munthu wothamangitsidwa sabwera ndi liwiro.

Lachisanu ndinapitako ndekha nditaweruka. Ndili pomwepo anatulukira a Sipanala, pulambala wamkulu uja wa chipewa chachikopa amene ankatinyamula tili ana. Anaima pakhomo, osalowa, nafunsa mokweza kuti, "Kodi depoti ya basi ija yatsegulidwanso?" Apa m'pamene ndinadziwa kuti mawu anga anawafika onse.

Sindinathawe. Ndinawauza kuti ndinalankhula zopusa, ndipo ndinawapempha kuti alowe. Ndinawiritsa tiyi ndekha n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anamwa, nati shuga wachepa koma kupepesa kwakwana. Tiyi asanathe, kunabwera mayi wina akudandaula kuti thanki ya kuchimbudzi kwake sikusiya kutaya madzi. A Sipanala anadzuka, natembenukira kukauntala n'kuyamba kutchula zofunika, ine ndikuona ndi maso angawa zimene ndinaziwerenga papepala.

Sindikunamizani kuti zonse zabwerera mwakale. Lero pabenchi pamakhala anthu anayi, tsiku labwino asanu ndi mmodzi. Ena anazolowera kutsidya ndipo mwina sabweranso. Koma bambo asiya kusankha mabawuti, ndipo sabata yatha anaitanitsa mapaipi atsopano koyamba chaka chino.

Ana aja nawo sanatisiye. Amabwera Lachitatu lililonse kudzaona momwe zikuyendera, ndipo Loya wakhoma bolodi pakhomo pomwe walembapo ntchito ya mmisiri aliyense ndi nambala yake ya foni, kuti amene wapita kukagwira ntchito asaphonye ina. Bambo amamutcha mdzukulu, ndipo amakangana naye tsiku lonse mosangalala.

Kukalasi nako ndinakonza. Ndinaonetsanso zithunzi zija za mashelefu owala, n'kuwauza ophunzira onse kuti sitolo nambala 17 ndi ya bambo anga, ndipo katswiri amene anaipha ndi amene waima patsogolo pawo. Kenako wina kumbuyo anakweza dzanja n'kufunsa ngati zimenezi zibwere pamayeso. Ndinati zibwera, ndipo zibweradi.

Mkulu wa sukulu atamva, sanandikalipire monga ndinkaopera. Wapempha kuti bambo abwere mwezi wamawa adzalankhule ndi ophunzira. Bambo akuti alibe choti anene, koma amayi andiuza kuti jekete yapita kale kochapitsa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tiwapatse bambo mpaka kutha kwa chaka. Munthu wa mafoni ndalankhula naye, wadandaula pang'ono koma akuti pali malo ena amene akuwayang'ana. Zikakanika chaka chikatha, tidzakhala pansi tonse, ndipo ulendo uno woyamba kulankhula adzakhala bambo.

Ndikudziwa kuti inu mumafuna kuti apume, ndipo mumadera nkhawa msana wawo muli kutali. Inenso ndimada nkhawa. Koma ndawaona akupuma zaka ziwiri m'sitolo yopanda anthu, ndipo kupuma kumeneko kunkawakalambitsa kuposa ntchito. Munandimvera pamene ndinkalakwitsa ndili ndi chidaliro chonse. Ndimvereninso lero pamene ndikubwera ndi manyazi.

Bambo sakudziwa kuti ndikukulemberani, ndipo iwo sangakupempheni okha, mukuwadziwa. Koma dzulo anachita chinthu chimene sanachitepo chitsegulireni sitoloyo. Anapita kwa wodula makiyi n'kudulitsa awiri. Mmodzi anandipatsa ine, akuti tsiku limene msana wavuta ndizikatsegula, anthu asapeze chitseko chotseka. Winayo anandiuza kuti ndikusungireni, mudzamupeze mukadzabwera.

Sindinathe kusunga. Kanthu kolimba kamene mwakamva pansi pa envulopu, kokulungidwa m'pepala, ndi kiyi wanuyo. Mukaona kuti ndi bwino kusaina, sainani, ufulu ndi wanu. Koma kiyiyo musanditumizire ine, mudzabwere mudzawabwezere nokha m'manja.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsalu ija ndinasoketsa ndipo anthu akuisirira. Ana muwapsompsone, ndipo wamkuluyo mumuuze kuti azakhali ake akuti azilimbikira sukulu, koma azifunsa kaye asanalangize. Amayi akupereka moni, akuti muziimba kawirikawiri. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito, ndipo atikumanitse tonse tili amoyo.

Ndikudikira yankho lanu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsirizira wa m'nyumba mwathu