Foni Yanu Ili ku Wodi ya Ana

Senga Bay,
Salima.
18 Juni 2002.

Okondedwa achimwene a Jameson,

Wakuba ine? Ndiye mawu amene munawatuma a Yesaya ogulitsa usipa aja kuti adzandiuze padepoti, anthu ali gwa kumvetsera? Akuti munati, "Kamuuzeni Pitala abweze foni yanga, apo ayi aiwale zoti ali ndi mkulu wake ku Lilongwe." Chabwino, ndamva. Mawu oti okondedwa ali pamwambawo musawatengere pamtima, ndangolemba chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira ndisanathawe sukulu.

Zoti ndinalekezera Sitandade 6 ndikuzidziwa, mumandikumbutsa Khirisimasi iliyonse. Koma maso angawa sanalekeze nawo. Ndine ndinali kondakitala pachitseko cha minibasi yanu tsiku lija, ndiye khalani pansi ndikuuzeni zimene Mcdonald, dalaivala wanu wapamtimayo, akuzidumpha akamakufotokozerani.

Chimugulireni foni ija, Mcdonald anasiya kuyenda ngati munthu. Shati kupisira mpaka m'mawondo kuti chinthucho chioneke palamba, kanyanga kake kali njo. Ngakhale pogula mandasi ankayamba waigwiragwira kaye. Izo zinalibe kanthu, tinkangoseka. Vuto ndi msewu wathuwu. Mukangotuluka m'tauni ya Salima kulowera kunyanja, netiweki imachita kubisala. Imagwira bwino malo amodzi, pachitunda paja pali sukulu ya pulayimale, pomwe ana amawolokera. Aliyense wa foni akudziwa zimenezi. Akangofika pamenepo, dzanja lina pachiwongolero, lina kukhutu, maso kumwamba ngati akuyang'ana mvula. Inunso mukudziwa, musanamizire. Mumachita kuwerengera kuti pano afika pachitunda, n'kuimba. Ndipo munamuuza Mcdonald, ine ndikumva, kuti akadzalephera kuyankha ndiye kuti wapita ndi galimoto yanu kwa akazi.

Tsiku limenelo ana a makalasi ang'onoang'ono anali akuweruka. Foni inalira. Ine ndinamenya denga la minibasi n'kukuwa kuti, "Ana, ana, iwe!" Mnzanu anali kalikiliki, "Ee bwana, tadzaza bwana, tikufika bwana." Rute, mwana wa achemwali athu a Eveles, anali m'mbali mwa msewu, katsache kake kosesera kusukulu kali m'manja. Anaizindikira minibasi ya amalume ake, n'kukweza dzanja kundibayibitsa. Sanathamange, achimwene. Sanadumphire mumsewu. Ndi minibasi yanu imene inasiya tala n'kumulondola kumene anaima.

Foni inagwera pansi pa mpando. Nditaitola, inu munali mukulankhulabe. Mukukumbuka zimene munkanena? Ine ndikukumbuka. "Halo! Halo! Chalira n'chiyani? Ndi galasi limenelo?" Ndinaiponya m'thumba n'kunyamula mwana. Ngati kumeneko ndiko kuba, ndiye ndinabadi.

Rute wathyoka mwendo pantchafu. Ali ku wodi ya ana pachipatala cha Salima, mwendo auimika m'mwamba ndi zingwe. Adokotala akuti adzayenda, koma za kutsimphina sakulonjeza. Ndakuuzani poti simunafunse.

Tsono dzulo Mcdonald anandipeza pa chipisi, nkhope yofewa ngati ya mlaliki. Akuti, "Bwana ati ku polisi tikanene chimodzi. Mwana anathamangira mumsewu yekha, foni inali m'thumba." Ndinamufunsa kuti thumba lake lili kukhutu? Sanaseke. Akuti mukuopa kuti minibasi igona ku polisi mpaka matayala aphwe. Achimwene, inu ndinu mwinimbumba kwathu kuno. Tsiku lina Rute akadzapeza banja, anthu adzagogoda pakhomo panu, osati panga. Ndiye inuyo, amalume ake enieni, mukufuna papepala la boma palembedwe kuti wolakwa ndi mwanayo? Kamwana koti ngakhale dzina lake kamalemba chokhotakhota? Lolemba ndikupita ku polisi, ndipo ndikanena zimene ndinaona ndi zimene ndinamva, mawu anu omwe. Mukafuna kundifufuta pa ubale, fufutani. Ntchito mwandichotsa kale, ndamva Mcdonald wasankha msuweni wake kuti adzakhale pachitseko minibasi ikadzatuluka, munthu woti akaitanira anthu amamveka ngati mbuzi yodwala chifuwa.

Musaganize kuti ndikungokhala. Makolo anakumana pasukulu, ndipo kunali moto. Amayi ena amafuna kukumba ngalande mumsewu, ena amati tizigenda aliyense wogwira foni. Pomaliza anagwirizana kuti pachitundapo, nthawi yolowa ndi yoweruka ana, dalaivala asagwire foni galimoto ikuyenda. Wofuna kulankhula aime pambali, patsinde pa mango paja, alankhule mpaka khutu litenthe. Tinakhoma chikwangwani uku ndi uku, ndipo apolisi apamsewu anati tipitirize, azidzatiyendera. Wogwira wezulo mukumudziwa? Ndine. Anandipatsa ndi a hedi omwe aja ankandithyapa chifukwa chojomba. Anati, "Pitala, wabwerera kusukulu tsopano." Ndinati, "Inde, koma ndilekezera pamsewu pompano."

Madalaivala andida koopsa. Wina anandilavulira malovu pawindo. Akuti, "Ino ndi matipate, aliyense ali ndi ufulu wolankhula!" Ine ndimati lankhula, mbale wanga, palibe wakutseka pakamwa, tangochotsa phazi pamoto. Lachisanu kunabwera bwana wina wa galimoto yaikulu, wopita ku semina kunyanja, foni ili kukhutu. Nditaimba wezulo, amayi anayi anaima mumsewu atagwirana zitenje. Anatsitsa galasi n'kuti, "Iwe, ukundidziwa ine?" Ndinati, "Ayi bwana, koma imani apo muwaimbire okudziwaniwo, atiuze." Anaima. Anatukwana Chingerezi chambiri, mwamwayi ndinathawa sukulu tisanafike pamenepo.

Minibasi yanu nayo ikadzatuluka, idzaima pamango pomwepo ngati ena onse. Ndipo mukamaimba muzidziwa kuti amene mukumuchotsa maso pamsewu akudutsa pakati pa ana a anthu.

Za foni yanuyo, sindinagulitse, sindinaponye m'nyanja, ngakhale mtima unafuna. Ndinawapatsa achemwali. Ili m'kabati ya pambali pa bedi la Rute, pamodzi ndi kapu ndi sopo. M'tauni netiweki ilipo, ndiye masiku oyamba aja inkalira, pagalasi pake n'kulemba kuti BWANA. Achemwali ankangoiyang'ana mpaka isiye. Akuti munthu amene akufuna kumva za mwana amakwera basi, saimbira foni yake yomwe. Pano batire inatha, ili zii. Mukaifuna, msewu wa Lilongwe kudza ku Salima mukuudziwa, ndi wa tala wokhawokha. Mulowe pachipata cha chipatala, mufunse wodi ya ana, bedi la pafupi ndi windo. Mukaitenge nokha m'kabatimo, mwanayo akukuonani.

Mundiperekere moni kwa alamu. Moni kwa ana anu Chikondi ndi Tadala, muwauze aziyang'ana mbali zonse powoloka, poti si madalaivala onse amene mabwana awo amadziwa kudikira. Amayi akuti moni. Sakudya bwino masiku ano, amangokhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, basi ikaima amadzuka. Sanatchule dzina lanu, koma ine ndikudziwa amene akumudikira. Achemwali sanapereke moni, ndipo sindiwapekera.

Ndine mng'ono wanu, kaya mukufuna kaya simukufuna,

Pitala.

Ndimati nditseke envelopu, koma pali ichi. M'mawa uno ndinapita kukamuona Rute, ndinamutengera nthochi. Ndinayesa nthabwala zanga zonse, ndinamuchitira mmene Mcdonald amayendera, sanaseke. Anadikira amayi ake atuluke kukatsuka mbale, n'kundikoka shati kuti ndiwerame. Anati, "Amalume a Pitala, kodi amalume aakulu sakubwera chifukwa andikwiyira kuti ndawaonongera minibasi?"